Mawotchi a Dontho Lofiira

Inali wotchi yaing'ono, yopepuka ngati chitsekerero cha botolo. Lamba wake anali wakuda, wapulasitiki, ndipo amalume anachita kuboola kabowo kena ndi msomali wotentha kuti indikwane pamkono. Nkhope yake inali yoyera, mivi itatu. Ukaitembenuza, kumsana kwake kunali dontho la penti yofiira, lalikulu ngati njere ya nandolo. Inkalira mokweza wotchi imeneyo. Ukaisiya patebulo unkaimva uli kubafa, chitseko chotseka. Amayi ankati yatengera mwini wake, pakuti ine dzina langa la pakhomo linali Wayilesi.

Ndipo sindikana. Mawu ndili nawo mpaka lero, moti kutchalitchi akandiona ndikupita kutsogolo amathamangira kuzimitsa maikolofoni. Sukulu sindinapite nayo patali, dzanja likulembali linazolowera sipanala, koma mutu wanga sunataye kanthu ka nyengo imeneyo. Amene akufuna kutsutsa abwere, nyumba yanga ikudziwika.

Zinachitika chapakati pa zaka za m'ma 1970, nyengo yanga yoyamba ya chisanu ku Toronto. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amayi anali atatsogola zaka zitatu m'mbuyomo. Anali namwino wophunzira bwino ku chipatala cha mishoni, koma kuno ankasambitsa nkhalamba zachizungu m'nyumba yosungiramo okalamba. Bambo anamwalira ine ndili kumsana, ndiye pamene amayi ankanyamuka anandisiya ku Limbe kwa amalume, mlongo wawo wamkulu. Ndi amayi amene anayenda khomo ndi khomo mpaka kuwapezera amalume ntchito pa fakitale ya mawotchi kum'mawa kwa mzinda, ndipo tinakwera ndege limodzi, ine ndi iwo. Akazi awo ndi ana atatu anatsala. Zithunzi za mapasipoti anali atajambulitsa kale, akungodikira kuti chipale chisungunuke, awaitanitse.

Mundimvetse apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pepala la amalume lokhalira m'dziko muno linali lomangirira ku ntchito imeneyo. Ntchito ilipo, akhala, banja lawo libwera. Ntchito yatha, ndege. Amayi ankanena zimenezi pafupifupi tsiku lililonse, ngati pemphero la pachakudya. "Achimwene, kuno n'kwa eni. Muzingoti inde."

Amalume ankati inde. Anali munthu wamfupi, wofatsa, wolankhulira pansi, moti anthu sankakhulupirira kuti ine ndi iwo ndife magazi amodzi. Pakamwa pawo pankavomera chilichonse. Vuto linali manja.

Ku Limbe anali ndi katebulo pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina, kabokosi kagalasi pamwamba, ndi kagalasi kokuzira zinthu kamene ankakapanira padiso. Amuna obwerera ku Joni, oyendetsa sitima, aphunzitsi, abusa, onse ankavula mawotchi awo pamenepo mwaulemu ngati akuvula chipewa. Zipangizo zatsopano kunalibe. Dzino la kagudumu likathyoka, amalume ankasema lina ndi tupa. Ankatsuka matumbo a wotchi ndi palafini m'chivundikiro cha botolo, mafuta n'kumadonthezera ndi nsonga ya singano. Munthu akafika n'kunena kuti wotchi yanga yafa, iwo ankayankha asanaikhudze n'komwe. "Palibe wotchi yakufa, bambo. Pali aulesi basi."

Munthu wotereyu ndiye anamutenga n'kukamuika mu fakitale. Anatiuza zimene anapezamo. Azimayi ovala zoyera atandandalika m'mizere, lamba wa makina wonyamula mawotchi akuyenda patsogolo pawo, aliyense akuika kachidutswa kake kamodzi komweko kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa wotchi yonse. Mawotchi ake anali otchipa, opanda timiyala tofiira tija timakhala m'mawotchi a ku Switzerland kuti magudumu asadyeke. Ndipo zitsulo ziwiri zosunga matumbo sankazimanga ndi tisikuluwu ayi, ankazikhomerera ndi mariveti, kutanthauza kuti ikatsekedwa yatsekedwa, palibenso kutsegula. Amalume anawapatsa tebulo la mawotchi obwezedwa. Munthu wagula, yasiya kuyenda, waitumiza pa positi. Ntchito yawo inali kuiwayinda, kuiika pakhutu, ikakhala chete n'kuipaka dontho lofiira kumsana, kuiponya mumgolo, n'kuika yatsopano m'bokosi. Mwezi ukatha, mgolo wonse unkapita ku chimakina chophwanya. Anawalemba ntchito chifukwa cha makalata otamanda luso lawo, n'kuwapatsa kaburashi ka penti.

Sabata yoyamba anabwera kunyumba chala chili psuu, chakudya osachikhudza.

"Achemwali, andilemba ntchito ya adzukulu," anatero. "Koma adzukulu akwathu amayamba adikira kuti munthuyo afedi."

"Muzingokwirira," anatero amayi. "Sanakufunseni maganizo."

Tinkakhala pamwamba pa sitolo yochapira zovala, pokwerera pake masitepe aatali opapatiza, chipinda chimodzi cha amayi, china cha ine ndi amalume. Nyumba yonse inkanunkha sopo wotentha. Dzuwa linkatuluka mochedwa ngati munthu wokakamizidwa, n'kulowa ife tisanaweruke bwinobwino. Chipale choyamba ndinachinyambita, ndinkayesa chikoma. Pofika sabata yachitatu chinali chakuda m'mbali mwa misewu, chosakanikirana ndi mchere umene ankawaza, ndipo nsapato za amalume zinachita mizere yoyera imene sinkachoka ngakhale apolishe motani. M'mawindo a masitolo munali mutayamba kuoneka mawotchi a mabatire, aja unkati ukadina kabatani n'kutuluka manambala ofiira ngati makala. Ana ankaunjikana kuwaonera. Tsiku lina amalume anaima, n'kugunditsa khutu pagalasi lozizira la sitoloyo, anthu akuwayang'ana. Anangoti, "Siilira," n'kupitiriza ulendo.

Yoyamba inabwera m'chala chachikulu cha golovesi. Anaikutumulira patebulo ngati munthu wobwera ndi mwanapiye wodwala.

"Chimenechi n'chiyani?" anafunsa amayi.

"Chotaya."

Ndipo kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Ku Limbe, chimene mwini sitolo waponya kuseri n'cha amene watola. Zitini, makatoni, misomali yopindika, anthu anamangira nyumba zimenezo, ndipo palibe anatchedwapo wakuba. Amalume m'moyo wawo wonse sanatengepo ndi ulusi womwe wa munthu. Iwo ankaona kuti atola kudzala.

"Kuno ngakhale zinyalala zili ndi mwini wake," anatero amayi.

Amalume anati inde. Mawa lake golovesi inabweranso ndi ina.

Ankazikonza Loweruka, pawindo, nthawi yochepa imene kunkawala. Ankayala nsalu yoyera ya pilo, kagalasi padiso, msana wopindika. Ine ankandilola kukhala moyang'anizana nawo pa lamulo limodzi. "Wayilesi, zimitsa." Mpweya wa pakamwa panga ukanatha kuulutsa katsitsi kachitsulo kamene kamayendetsa mtima wa wotchi. Ndiye ndinkakhala chete, ine amene, manja pakamwa. Ankapala mitu ya mariveti ndi tupa pang'onopang'ono, fumbi lachikasu likugwera pansaluyo, mpaka chitsulo chapamwamba chitanyamuka. Masingano a amayi ankasowa imodziimodzi. Amalume ankawadula tizidutswa tochepa kuposa mpunga, n'kutisandutsa timisomali tolowa m'malo mwa todyeka. Fungo la palafini linkalimbana ndi la sopo wa pansi paja. Pawindo pankamera maluwa oyera a madzi oundana, mkati mwenimweni mwa nyumba. Ndiye pankafika kanthawi kena, kagudumu ka pamtima pa wotchi n'kugwedezeka kokha, n'kubwerera, n'kupitanso. Amalume sankamwetulira. Ankangokankhira kagalasi pamphumi n'kumina.

Yochira ankaiika m'chitini chachikulu cha mabisiketi, pa thaulo lakale, n'kukankhira pansi pa bedi lawo. M'mawa uliwonse asanapite ku shifiti ankagwada pansi n'kuziwayinda zonse imodziimodzi. Wolowa mwadzidzidzi akanati akupemphera. Sanagulitsepo ngakhale imodzi. Ndikubwereza, chifukwa pali ena anadzalankhula zopusa pambuyo pake kumapemphero a Lamlungu: sanagulitsepo ngakhale imodzi. Amayi atawafunsa kuti nanga n'zachiyani, anati, "Zizingoyenda." Chitinicho chinkamveka ngati chiswe chikudya phaso la nyumba. Ine ndinkachikonda. Chinali chinthu chokhacho m'dziko lonselo chimene chinkamveka ngati kwathu.

Pa Khirisimasi anatulutsamo imodzi n'kundimanga pamkono. Amayi anandigwira khutu nthawi yomweyo. "M'nyumba muno basi. Ikangotuluka pakhomopo, iwe ndi ine tidana." Ndinalumbira. Ndinaloza ndi kumwamba komwe.

Tsopano ndinene za sukulu, osati kudziikira kumbuyo, koma kuti mudziwe. Anandiika m'kalasi ya ana a zaka zisanu ndi zitatu chifukwa cha Chingelezi. Mawondo anga ankagunda desiki. Ku Limbe ine ndinali wosankha matimu a mpira, mwana aliyense mumsewu wathu ankadziwa mawu anga. Kuno Chingelezi chinkandidutsa ngati basi yodzaza. Ana ankandigwira tsitsi n'kuthawa. Miyezi inayi yathunthu sindinakweze dzanja. Mukudziwa mmene zimapwetekera, munthu wamawu kukhala ngati mtondo pakona?

Ndiye mu Januwale aphunzitsi anabwera ndi wotchi yakatoni, yaikulu ngati lichero, kuti atiphunzitse kuwerenga nthawi. Anali mtsikana chabe aphunzitsiwo, watsitsi lalitali, wachifuwa chosatha. Anasuntha mivi n'kufunsa. Ana a eni dziko anangoti kakasi. Ine nthawi ndinaidziwa ndili ndi zaka zisanu, pakhonde paja. Ndinakuwa yankho, mazenera n'kunjenjemera. Anasunthanso, ndinakuwanso. Kasanu konse. Aphunzitsi anaseka, n'kundisisita paphewa, koyamba chifikireni. Kusukuluko kunali mwambo woti tsiku lina mwana mmodzi amabwera ndi kanthu kochokera kunyumba, n'kuima kutsogolo kuonetsa anzake. Anandiuza, ndi manja ndi mawu, kuti mawa ndi ine.

Wotchi yanga ija ndinaibisa musokosi.

Ndinaima kutsogolo chifuwa chili patsogolo, n'kuikweza m'mwamba. Ndi Chingelezi changa chothyokathyoka ndinati wotchi iyi inali yakufa, amalume anga, tsopano yamoyo. Ndinkafuna kunena zambiri. Ndinkafuna kunena za chitini, za pansi pa bedi, kuti zilipo zodzaza kalasi yonseyi aliyense yake. Mawu anandithera. Ndi tsiku lokhalo limene umbuli wanga unayesako kutithandiza. Wotchi inayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akuiika pakhutu. Itafika kwa kamtsikana kena ka mawangamawanga kumaso, kanaitembenuza, n'kuyamba kukanda dontho lija ndi chikhadabo. Kanati amayi ake amagwira ntchito kumene amapaka madontho amenewa. Ine ndinasangalala! Ndinaona ngati ndapeza m'bale. Ndinapita kukakagwira chanza, kalasi yonse ikuwomba m'manja.

Sindikaimba mlandu kamtsikanako, kapena amayi ake. Mayiyo anakangoifotokoza pa nthawi ya tiyi ngati nkhani yodabwitsa, ndipo nkhani inakwera yokha mpaka ku ofesi. Izi tinadzazimva pambuyo pake.

Lachinayi amalume anafika, n'kuvula nsapato mwakachetechete, n'kunena kuti akapitawo awo abwera Loweruka masana kudzamwa tiyi. Amayi anali ataimirira ndi mpeni, akusenda mbatata. Anakhala pansi pang'onopang'ono. Kenaka anatembenukira kwa ine. Sanafunse n'komwe. Ndinayamba kufotokoza monyada, za m'manja muja anandiwombera, koma mawu anga anachepa okha ndikuyang'ana nkhope yawo.

"Musiyeni mwana," anatero amalume. "Ndinamupatsa ndine."

Amayi anafuna kuti chitini chichoke m'nyumba tsiku lomwelo. Anati achitengere ku Hamilton kwa bambo wina wa ku Zambia amene tinkapemphera naye, kapena angokachiponya m'nyanja. Amalume anati panjira kukuzizira, mafuta aundana. Tamverani yankho limenelo! Munthu banja lake lili pa ulusi, iye akudera nkhawa mafuta. Mapeto ake amayi anachikulunga m'mabulangete awiri, n'kuchikankhira kukhoma kwenikweni, n'kutchingira ndi sutikesi. Anatiphunzitsa ngati ana a Sande sukulu. Wotchi ndi imodzi. Chilichonse chimene mzunguyo anene, inde.

Akapitawo anafika nthawi yeniyeni imene ananena. Ndinkayembekeza chimunthu chaukali. Analowa mkulu wamtali, wowerama, waimvi, wopuma movutikira chifukwa cha masitepe. Anavula majombo pakhomo popanda kuuzidwa, ndipo sokosi yawo imodzi inali yobooka pachala. Chingelezi chawo chinali cholemera, chifukwa nawonso anali obwera, anachokera ku Ulaya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Amayi anatulutsa makapu a alendo ndi mandasi amene anakazinga m'mawa. Mkuluyo anadya limodzi mosamala, akutola nyenyeswa pa thalauza. Anakamba za kuzizira. Anafunsa za ana a amalume, mayina awo ndi zaka zawo. Kenaka anatambasula dzanja kwa ine, ndipo ndinamasula lamba.

Anaiika pakhutu. Anaitembenuza. Atayamba kulankhula sankayang'ana amalume, ankayang'ana m'kapu. Ine ndinkangotolako mawu apa ndi apo, koma amayi anadzandibwerezera zonsezi kambirimbiri mpaka ukalamba wawo, moti ndimazidziwa ngati nyimbo.

"Zimachitika," anatero akapitawo. "Munthu watopa, khutu lamunamiza, wapaka penti pa wotchi yabwinobwino. Yagwera m'thumba la jekete, wafika nayo kunyumba, mwana waitola. Wotchi imodzi. Ndiitenga, ndikaibwezera mumgolo, ku ofesi ndikanena kuti ndaona ndi maso anga, nkhani yatha. Inali yamoyo kale, si choncho? Chifukwa yakufa palibe angaidzutse. Anazipanga dala kuti zisatsegulidwe. Ine ndagwira mawotchi zaka makumi anayi, sindingathe. Palibe angathe."

Amayi anavomera msangamsanga, kawiri, m'Chingelezi chawo chabwino cha kuchipatala. Koma mkuluyo ankadikira mwini nkhani. Chitsulo chotenthetsa nyumba chinkagogoda pakona. Pansi makina ochapira ankazungulira, makapu akunjenjemera pang'ono patebulo. Amalume anali atayang'ana chala chawo chofiira chija. Chimene chinkafunika n'kugwedeza mutu basi. Ngakhale kutsokomola kukanakwana.

Anadzutsa mutu, n'kulankhula kwa ine m'Chichewa, motsitsa monga mwa masiku onse.

"Wayilesi, katenge chitini."

"Ukangodzuka pamenepo," anatero amayi, akumwetulira kuti mlendo asadziwe, "ndikuthyola mwendo."

Kwathu, pa mwana wa mlongo, mawu omaliza ndi a malume. Ndinakula ndikudziwa zimenezo, ndipo kwa zaka zambiri ndinkabisala kuseri kwa mwambo umenewu. Lero ndakalamba, ndinene zoona. Sindinadzuke chifukwa cha mwambo. Ndinadzuka chifukwa ndinamva mawu amodzi a mzunguyo, akuti palibe angathe, ndipo magazi anga anawira. Ndinathamanga. Ndinakoka sutikesi, ndinakwawa pansi pa bedi, ndinabwera nacho chitini pamutu ngati mkazi wochokera kumadzi.

Amalume anasuntha mbale ya mandasi. Anatsegula chivundikiro, ndipo phokoso lija linadzaza chipinda. Anazitulutsa imodziimodzi n'kuzindandalika pansalu ya tebulo chafufumimba, madontho ofiira onse kumwamba, mzere ndi mzere. Kenaka anazitembenuza. Zonse zinkanena nthawi imodzi. Zonse! Panalibe yotsogola, panalibe yotsalira.

Akapitawo anatseka maso kanthawi. Atatsegula anapempha kagalasi. Amalume anatsegula wotchi imodzi ndi nsonga ya mpeni, n'kuwalozera pamene panali mariveti, ndi timisomali ta singano ya amayi. Mkuluyo anawerama pamenepo nthawi yaitali, tiyi wake mpaka kuzizira. Ananena liwu limodzi m'chinenero cha kwawo. Anatenga ina, n'kuiika pakhutu, kenaka ina.

"Munaphunzira kuti?"

"Pakhonde," anatero amalume.

Akapitawo anaimirira, n'kugwira dzanja la amalume ndi manja awo onse awiri. Analigwira ndithu, osalisiya msanga. Kenaka anakhalanso pansi n'kuyamba kuwerenga ndi chala. Zinakwana makumi atatu ndi ziwiri, kuphatikizapo yanga.

"Imodzi ndikanatha kusaiona," anatero. "Mwandionetseranji?"

"Munati inali yamoyo kale," anatero amalume.

Mkuluyo anazibwezera yekha m'chitini, mosamala, akuyala thaulo pakati kuti zisakandane. Anathokoza amayi chifukwa cha tiyi. Amayi anayamba kusonkhanitsa makapu.

Lolemba ndikuchokera kusukulu ndinawapeza amalume ali pawindo, nsalu ya pilo yoyala, pamwamba pake palibe kanthu. Apolisi sanabwere. Amayi ankati amene anatimenyera nkhondo pa zimenezo ndi akapitawo aja, ndipo mpamene mphamvu zawo zinathera. Ntchito inatha, pepala linatha nayo. Amayi anayendanso khomo ndi khomo, kwa abusa, kwa maloya, kwa Amalawi onse amene analipo, amene nthawi imeneyo tonse tinkakwana m'chipinda chimodzi. Palibe akanalemba munthu wochotsedwa pa mlandu wotenga katundu. Masabata amenewo amalume ankaphika, ankasesa, ankandiperekeza kusukulu ngati kamwana. M'mawa ankadzukabe nthawi yomwe ija, n'kukhala pamphepete pa bedi, manja ali pamawondo. Chipinda chathu chinali zii, moti ndinayamba kumva mipope ya madzi ya anthu oyandikana nafe. Sanandikalipirepo. Ndikanakonda akanandimenya.

Ananyamuka mu Malichi, chipale chikusungunuka, madzi akuda akuyenda m'misewu. Inali nyengo yomwe ija imene ana awo ankayenera kufika. Kalata yowauza kuti asadikirenso analemba ndi amayi, chifukwa amalume anayesa katatu n'kung'amba. Pabwalo la ndege mlongo ndi mlongo wake anangogwirana chanza ngati anthu okumana pamaliro a munthu wachilendo.

Amalume anabwerera pakhonde pawo ku Limbe. Mawotchi a mabatire anawatsatira komweko patapita zaka zochepa, ndipo munthu amene ankasema mano a magudumu anamalizira moyo wake akusintha mabatire ndi malamba. Anamwalira ndisanawaonenso. Ana awo sanapondeko kuno, ndipo wamkulu mpaka lero akandiyankha foni amandipatsa moni wa mlendo. Ine ndinatsala ndekha m'nyumba ija, amayi akugwira mashifiti awiriawiri, wondiyang'anira palibe. Sukulu ndinayamba kuizemba, ndipo nditangofika msinkhu wololedwa ndinaisiya, n'kukalowa mu fakitale ya magalimoto ku Oshawa. Ndinagwira zaka makumi atatu, palibe galimoto inabwezedwapo chifukwa cha dzanja langa, funsani aliyense. Fakitale ya mawotchi ija inatsekedwa kalekale. Pamalopo pali nyumba zosanja tsopano. Ndimamva kuti anyamata a masiku ano amasakasaka mawotchi owayinda m'misika ya zinthu zakale, amati ndi chuma. Aaa. Akanauona mgolo uja.

Amayi sanawakhululukire kwenikweni amalume. Ali pabedi lawo lomaliza ankanenabe, "Kungogwedeza mutu basi. Ana atatu." Ndipo ankanena zoona. Koma ine ndinaliona dzanja lija likugwiridwa ndi manja awiri. Mukandiuza kuti amalume anali chitsiru, ndikukalipirani. Mukandiuza kuti anachita bwino, ndikukalipiraninso. Ndakhala ndikukangana ndekha zaka zonsezi, ndipo mawu anga ndi aakulu mbali zonse ziwiri.

Koma zimenezi ndi za munthu wamkulu. Loweruka lija ine ndinalibe mkangano uliwonse mumtima. Akapitawo atavala majombo awo n'kutuluka, chitini chili m'khwapa, ndinawatsatira mpaka pamwamba pa masitepe. Ankatsika pang'onopang'ono, dzanja limodzi pakhoma, mutu uli pansi. Pakati pa masitepe anaima, n'kukhala choncho kanthawi, kenaka n'kupitiriza. Ine ndinawakuwira pitani bwino wa Chingelezi, mokweza, kawiri. Sanacheuke. Ndinabwerera m'nyumba ndikuvina, ndikumenya chitseko ndi chikhato.

"Mwamuona mzungu? Wagonja! Amalume awina!"

Amayi anali pasinki, atatipatsa msana, akutsuka kapu imodzi yomweyo osaimaliza. Amalume anali chikhalire, akusalaza nsalu ya tebulo ndi dzanja. Ndinadabwa kuti bwanji palibe akuvina nane. Ndinkadziwa kuwerenga nthawi kuposa mwana aliyense m'kalasi mwathu, koma msana wa munthu wamkulu sindinkatha kuuwerenga. Ndinkayesa mkulu uja watsika motero chifukwa cha manyazi oti tamuposa. Sindinkadziwa kuti anakwera masitepe amenewo kudzatipulumutsa, ndipo ankatsika atalephera.